Chidole Chimene Chinaima pa Mlatho

Tamanda mwana wanga, madokotala anena kuti msanawu sudzandilolanso kunyamula munthu wamkulu, choncho ntchito yosamalira odwala ndaisiya ndikadali wamng'ono. Anzanga amapuma ntchito imvi zitamera, ine ndapuma iwe usanamalize n'komwe pulayimale. Ndikamakuuza nkhani pakamwa umandiyankha m'Chingerezi n'kuthamangira ku foni, ndiye ndati ndilembe kuti udzawerenge ukadzakula. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7. Ukapeza polakwika udzangodumphapo.

Gaithersburg, zaka zoyamba

Ndinafika kuno kufupi ndi Washington ndili ndi pakati pako, bambo ako atatsala ku Ndirande kudikira mapepala. Utayamba kukhala pansi ndinalowa ntchito pa kampani ina yotumiza anthu m'nyumba za okalamba. Bwana wathu anali mayi wolankhula mothamanga, ndipo ine ndinkangovomera chilichonse ngakhale sindinamve, chifukwa kufunsa kawiri ndinkachita nako manyazi. Ananditumiza kwa gogo wina wachizungu ku Gaithersburg. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kutembenuza munthu pabedi pokoka nsalu, kumusambitsa osamuchititsa manyazi, ndi kudikira basi m'chisanu zala zitauma. Antchito tinali ochepa. Wodzandilandira akajomba ndinkapitiriza ndine, iwe uli kwa mayi wina wa ku Zomba amene ankakusunga. Magolovesi akatha ku kampani tinkagula tokha. Gogoyo sanadziwe dzina langa mpaka kumwalira kwake, ankandiitana dzina la mng'ono wake. Ndinkavomera.

Wheaton, nyengo yozizira

Gogoyo atamwalira ndinakhala pakhomo milungu ingapo, kenako Mayi Nambewe, mtsogoleri wa gulu lathu la amayi ku tchalitchi, anandiitanira pambali. Anati mlongo wawo, a Mbewe, amene ankagwira ntchito ku banki ina yaikulu mu Washington, agwidwa ndi sitiroko, afa mbali yonse ya kumanja, ndipo akufuna munthu wa kwathu wowasamalira. Malamulo anali awiri: mankhwala pa nthawi yake, ndipo alendo olowa m'nyumba akhale a ku tchalitchi okha. Anati mlongo wawoyo anali ndi anzake a masewera amene anamusokoneza mutu. Ine ndinaganiza za njuga, sindinafunse zambiri.

A Mbewe anali bambo wa zaka za m'ma 50, wamtali, wosakwatira. Nzeru zawo zinali bwinobwino koma mawu ankatuluka amodziamodzi, ngati akuwakoka pansi pa chitsime. Ankanditchula kuti Mayi a Tamanda, ndipo anali munthu woyamba kuno kundipatsa ulemu umenewo.

M'nyumbamo munali chipinda chimene ndinkachiopa. Pakati pake panali tebulo lalikulu, pamwamba pake mapu ojambula pamanja a mapiri, mitsinje ndi mzinda wampanda. Pamapupo panali tizidole tating'ono ngati chala, tina tonyamula mikondo, tina ta nyanga, ndipo pambali panali kathumba ka chitenje kodzaza timiyala ta manambala. Nditaona koyamba mtima unanena kuti awa ndi maula. Ndinkapemphera pakhomo ndisanalowe kukasesa. Tsiku lina ndinalimba mtima kuti ndipukute fumbi patebulopo. Tizidole tonse tinali mkati mwa mpanda, koma kamodzi, ka munthu wovala chipewa chobiriwira, kanaima kokha pa mlatho kunja kwa chipata. Nditangotambasula dzanja ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ayi. Musachisunthe."

Anali a Mbewe, atadzikankha okha pa wilutcheya mpaka pakhomo. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mosakakamira. Ndinapepesa, ndipo nditawauza zimene ndinkaganiza anaseka mpaka misozi, mbali imodzi ya nkhope.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, masana angapo. Timiyalato ndi madayisi. Masewerawo alibe ndalama. Anthu amakhala mozungulira tebulo, mmodzi amasimba nkhani ya dziko longopeka, enawo aliyense ali ndi chidole chake ndipo amanena zimene chidolecho chichite. Akatero amaponya dayisi. Ikagwa nambala yaikulu, zatheka. Ikagwa yaing'ono, zakanika. Nkhani imodzi imatha zaka, Lachinayi lililonse. Wosimba nkhani pa tebulo limenelo anali iwowo. Anandiphunzitsanso malamulo awiri a pa tebulo lawo, amene ankawalemekeza ngati a m'tchalitchi. Madayisi a mnzako sukhudza pokhapokha mwiniwake akupatse. Ndipo munthu akajomba, chidole chake sichiphedwa kapena kusunthidwa, chimadikira pomwe anachisiya mpaka adzabwere.

Ndinafunsa kuti mwini chidole cha chipewa chobiriwira anajomba liti. Anangoti kalekale, n'kuyang'ana pawindo.

Dokotala wa mafizo atamva za masewerawa anati ndi mankhwala abwino a lilime. Choncho masana aliwonse a Mbewe ankandisimbira nkhani ya mzinda wampandawo, ine ndikusita kapena kusenda mbatata. Dzanja lawo lamanzere linkanjenjemera moti dayisi ankagwera pansi pa mpando, ndiye tsiku lina anandikankhira kathumba ka chitenje kaja nati ndikhale dzanja lawo. Ndinkawaponyera ndine. Kunena zoona, Tamanda, chifikire kuno ndinali ndisanasekepo ngati mmene ndinkasekera pa tebulo limenelo.

Wheaton, maluwa atayamba kuphuka

Dokotala uja ananenanso kuti kupenta tizidole kungalimbitse zala za kumanzere. A Mbewe anandituma ku sitolo ya masewera kufupi ndi msika waukulu wa Wheaton kuti ndikagule penti ndi burashi. Linali Lachinayi masana. Kumbuyo kwa sitoloyo kunali matebulo, anthu akuluakulu, ena a imvi, akuponya madayisi. Ndikudikira kulipira, mayi wokusunga uja anaimba foni, ndipo ndinayankha m'Chichewa. Bambo wina pa tebulo lapafupi anatembenuka.

Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Pa shelefu ya a Mbewe panali chithunzi cha amuna awiri achinyamata, iwowo ndi bambo ameneyu, ataima pansi pa mitengo ya maluwa, atagwirana manja. Ndinkachipukuta mlungu uliwonse. Kwathu amuna akagwirana manja pamsewu timangodziwa kuti ndi mabwenzi a pamtima, palibe amayang'ana kawiri. Ndiye nditaona bwenzi la pamtima la munthu wodwala likusewera pafupi chonchi, chinandipweteka. Ine amene ndimaopa kufunsa njira kwa dalaivala wa basi ndinapita kukaima pa tebulo lawo, n'kupereka moni, n'kunena kuti mnzawo a Mbewe akudwala ndipo si bwino kusakawazonda.

Anali a Tembo, a ku Zambia, mphunzitsi wa masamu. Anaika madayisi pansi.

"Ni beve anakutumani, sisi?"

Ndinati ayi, koma kwathu wodwala saitana anthu, anthu amabwera okha. Iwo anati sindikudziwa zimene ndikulankhula. Ndinavomera kuti mwina sindikudziwa, koma Loweruka masana ndidzaphika tiyi. Za lamulo la Mayi Nambewe ndinaganiza kuti limanena anthu a njuga, osati munthu wa pa chithunzi cha pa shelefu.

Loweruka anabweradi, atanyamula malalanje. A Mbewe anali pawindo. Atamva "odi" thupi lawo lonse linauma, ndipo anatembenuzira nkhope kukhoma kuti mlendo asaone mbali yopindikayo. A Tembo anazungulira wilutcheya n'kukagwada mbali yomweyo.

"Wakalamba," anatero a Mbewe.

"Naiwe sunasale mwana," anayankha a Tembo.

Ndinapita kukhitchini. Posakhalitsa a Tembo anabwera kudzandithandiza, ndipo sanafunse kumene kumakhala makapu. Anatsegula kabati yeniyeniyo, anatenga kapu yabuluu imene a Mbewe ankakana kuti ndiziigwiritsa ntchito, anathira shuga mu tiyi wa mnzawo osafunsa kuchuluka kwake. Pomwa tiyi, malovu anatsika pakamwa pa a Mbewe monga zinkachitikira. Ndisanafike ndi kansalu, a Tembo anali atapukuta kale ndi chala chachikulu, ndipo dzanjalo linakhalitsa pa tsaya. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Ndinabwerera kukhitchini n'kutsuka mbale zotsuka kale.

Mlendo atapita a Mbewe anandiuza okha, sindinafunse. Awiriwo anakhala m'nyumba imeneyo zaka zambiri ngati banja. Chaka china mayi awo a Mbewe anabwera kuchokera ku Dedza kudzacheza, ndipo a Mbewe anawauza kuti a Tembo ndi lojala, munthu wongochita lendi chipinda. Anasamutsira a Tembo ku chipinda cha pansi, ndipo kwa miyezi yonse imene mayiwo anakhala, a Tembo ankadya okha. Anapirira. Koma mayiwo atabwerera, a Mbewe anayamba kunena kuti mwina zikhale choncho mpaka kalekale, popeza achemwali awo amakhala pafupi. Lachinayi lina masewera ali mkati, a Tembo, chidole chawo cha chipewa chobiriwira chili pa mlatho, anaimirira, anatola madayisi awo n'kutuluka. Enawo anapitiriza kwa kanthawi, kenako tebulo linafa.

"Ndinawatchula lojala," anatero a Mbewe. Anabwereza kawiri, ndipo sanakakamire ngakhale pang'ono.

Mlungu wa chisankho

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi Mayi Nambewe anandifunsa amene anabweretsa malalanje. Ine kunama sinditha, nkhope imandiulula. Nditatchula dzina anandikokera kuseri kwa galimoto lawo. Sanakweze mawu. Anati ananditola ndilibe kanthu, ndipo munthu ameneyo akadzapondanso pakhomo paja ntchito yanga yatha, komanso palibe wa mu mpingo amene adzandipatse ina. Anati akukonza zoti chisanu chisanabwerenso atengere mlongo wawo ku Malawi, akakhale pakati pa abale, akamwalira akagone pafupi ndi mayi awo. Usawaone ngati munthu woipa, Tamanda. Mlongo wawoyo anamubereka kumbuyo ali khanda, ndipo kuchipatala ankagona pampando pambali pake. Polankhula nane maso awo anali ofiira.

Mlungu umenewo sindinadye bwino. Zimene ndinaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu ndinkazidziwa, ndipo mpaka lero sindinganene kuti zonse ndinazimasula m'mutu mwanga. Ndinkaganizanso za lendi, za iwe, za nsapato zako zimene zinkathina. Koma galimoto likangodutsa pamsewu, a Mbewe ankadzutsa mutu kuyang'ana kuchitseko, likapitirira n'kuugwetsanso. Kayang'anidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene ine ndinkayang'anira foni Loweruka lililonse kudikira kuti bambo ako aimbe, ndipo masiku amenewo anali atayamba kudumphitsa.

Lachinayi masana belu linalira. Pawindo ndinaona a Tembo ndi anthu awiri a tebulo lakale, mayi wachizungu wonenepa wa imvi ndi bambo wina wamtali woyendetsa sitima. Kuchokera pabalaza kukafika pachitseko panali masitepe, a Mbewe sakanafikapo okha. Chitsekocho chinali m'manja mwanga. Ndinagwada pambali pa wilutcheya monga ndinkachitira powaveka nsapato.

"Bambo, nyumbayi ndi yanu. Nditani?"

"Mukatsegula, ntchito ikutherani. Achemwali anandiuza."

"Ndikudziwa. Ndafunsa zimene mukufuna inuyo."

Belu linaliranso. Kuyambira tsiku limene anadwala, aliyense ankalankhula za iwo ali pomwepo, madokotala, achemwali awo, abusa, ngakhale ine. Ndikuganiza kuti anali ataiwala kufunsidwa.

"Tsegulani, Mayi a Tamanda."

Ndinatsegula.

Anakhala mozungulira tebulo, aliyense pa mpando wake wakale, osauzidwa. Ine ndinakhala pambali pa a Mbewe ndi kathumba ka chitenje, popeza ndinali dzanja lawo. Anayamba kusimba m'Chingerezi chifukwa cha awiri aja, pang'onopang'ono, ndipo palibe anawamalizira mawu. Anati mu mzinda wampanda mwadutsa zaka, mvula yagwa, mlatho wachita ndere, koma mlonda wa pachipata sanachoke. Kenako anasiya Chingerezi, anayang'ana a Tembo n'kunena m'chilankhulo chathu kuti mlondayo ndi amene anatseka chipata, ndipo akupepesa. Anati tsopano achemwali a mlondayo akufuna kumutengera kutali, koma iye sakufuna kupita.

Kuti chipata chitseguke pankafunika kuti mlonda aponye dayisi. Ndinayamba kumasula kathumba monga mwa masiku onse, koma a Mbewe anagwira dzanja langa. Anatenga kathumbako ndi dzanja lawo lonjenjemera, anakakankha kudutsa mapiri ndi mitsinje ya pamapu mpaka kanafika kwa a Tembo. Mayi wachizungu uja anagwira pakamwa. A Tembo anasankha dayisi wamkulu, anamugwedeza m'manja nthawi yaitali, n'kuponya.

Inagwa 2.

Woyendetsa sitima anabuula. A Mbewe anatseka maso. A Tembo anayang'ana dayisiyo, kenako anatola chidole cha chipewa chobiriwira, n'kuchiwolotsa mlatho, n'kuchiimika mkati mwa mpanda. Pa mlatho pamene chinaima nthawi yonseyo panatsala kadontho koyera pakati pa fumbi limene ndinkaopa kupukuta.

"Lamulo silitero," anatero a Mbewe.

"Niziba. Uzaniuza vamalamulo mawa, nizankala nilipo."

Columbia Heights, chilimwe

Mayi Nambewe anachita zimene ananena. Mawa lake anabwera, ndipo ndinamva ndili kukhitchini a Mbewe akuwauza ndi pakamwa pawo kuti ku Malawi sapita. Zinawatengera nthawi yaitali kumaliza mawuwo, koma anamaliza. Ine ndinauzidwa kuti ndisiye makiyi patebulo. A Mbewe anandibwezeretsa pa ntchito iwo eni, koma sizinakhalitse. Nyumba ya masitepe sinkawayenera, ndipo chilimwe chomwecho anasamukira kwa a Tembo ku Columbia Heights, ku nyumba yokhala ndi chikepe. A Tembo anandipempha kuti ndiwaphunzitse kutembenuza munthu pokoka nsalu ndi kumusambitsa. Anaphunzira msanga. Tsiku limene ndinawaona akuchita zonse okha, a Mbewe akuwanyoza kuti manja awo ndi ozizira ngati a nsomba, ndinadziwa kuti pamenepo sindikufunikanso. Kunena zoona, ndinali nditadzichotsa kale ntchito ndekha tsiku limene ndinatsegula chitseko chija.

Ku tchalitchi amayi anasiya kunditumizira odwala. Ndinabwerera ku kampani ija, ku nyumba za anthu olemera thupi, kumene msana unathyokera pang'onopang'ono. Bambo ako anadikira mapepala mpaka anatopa, ndipo chaka chotsatira ndinamva kuti akwatira wina. Nkhani imeneyo ndidzakuuza pakamwa. Ndinawasungira malo kwa nthawi yaitali, koma si aliyense amene amabwerera.

Tsiku langa lomaliza linali Lachinayi. Tebulo lija analiika pabalaza, pafupi ndi windo loyang'ana msewu wa mabasi. A Mbewe anandipatsa kabokosi. Munali kachidole ka mayi wovala chitenje chachikasu, atanyamula makiyi. Anakapenta okha ndi dzanja lamanzere, moti penti anasefukira pankhope ndipo diso limodzi linali lalikulu. Ndinafuna kukaika m'chikwama, koma anakana. Anati chidole chimakhala pa tebulo. Anandiuza kuti ndisankhe poimika, ndipo ndinakaimika pachipata, mbali ya mkati. Ndinasewera nawo tsiku limenelo lokha, ndi madayisi obwereka kwa mayi wachizungu uja, kenako ndinathamangira sitima kuti ndikakutenge.

Sindinabwerereko. Poyamba inali ntchito, kenako msana, komanso manyazi angawa, ndi mantha oti wina wa ku tchalitchi andiona ndikulowa m'nyumbamo. Mayi Nambewe tsopano amandiyankha moni, koma sitinakambepo. Ndinamva kuti pa Khirisimasi anapita kukaona mlongo wawo, anakhala pang'ono, osavula jekete.

A Tembo amaimba foni mwa apo ndi apo. Amati a Mbewe akulankhula bwino tsopano, mwina mopitirira muyeso. Mwezi wathawu anandiuza kuti mzinda uja unapsa ndi moto m'nkhani yawo, anthu onse anathawira kumapiri, ndipo mapu ajambula atsopano. Ndinafunsa za kachidole kanga. Anati mapu akalewo sanawachotse, angoyala atsopanowo pambali, tebulo likuchepa ndipo mbale za chakudya akuziika pamiyendo.

"Muli pamene munaziimika, sisi," anatero. "Palibe angamugwileni."

Lachinayi masana ndikamakudikira kuchokera ku sukulu ndimadziwa kuti akukoka mipando. Ukadzawerenga izi, Tamanda, udzandifunse ngati ndinapitako. Ndikadzati ayi, udzandigwire dzanja tikakwere sitima.